Chisanu cha mu Epulo ndi Meyi: mmene mungatetezere dimba ndi mitengo ya zipatso ku Britain

Chisanu chimene chimaononga dimba kuno ku Britain si cha mu Januwale. Mu Januwale mitengo imakhala ili m'tulo, yopanda tsamba ndi limodzi lomwe, ndipo mtengo wa maapozi umapirira kuzizira koopsa popanda vuto. Choononga ndi chija chobwera mochedwa, mu Epulo kapena mu Meyi, dzuwa litawala kale masabata angapo, mitengo itachita maluwa, anthu atatulutsa kale mbande za maungu ndi tomato poganiza kuti nyengo yozizira yapita. Usiku umodzi wokha umakwanira. Madzulo masamba a maungu anali obiriwira bwinobwino, kukucha agona pansi ali bii.

Chaka cha 2021 chinaonetsa bwino mmene zimachitikira. Pa 30 Malichi kunatentha mpaka 24.5°C ku Kew Gardens mu London, mitengo n'kudzuka msangamsanga. Kenaka mwezi wa Epulo unabwera ndi chisanu usiku ndi usiku, moti a Met Office, bungwe loona zanyengo ku Britain, ananena kuti chiyambire kusunga kaundula wa chisanu mu 1960 kunali kusanakhalepo Epulo wachisanu chochuluka chotero. Ku France, kumayambiriro kwa mwezi womwewo, alimi a mphesa anachezera kuyatsa makandulo akuluakulu m'mizere ya minda yawo, komabe ambiri anataya gawo lalikulu la zokolola. Chaka cha 2020 nachonso, chisanu cha pakati pa Meyi chinadetsa kachewere m'madimba ambiri a ku England.

Amene anakulira ku Dedza kapena ku Tsangano amachidziwa chisanu cha mu Juni ndi Julayi chimene chimawaula tomato ndi kachewere m'madimba a kudambo. Choyambitsa n'chimodzimodzi, koma kalendala yake ndiyo yosiyana, ndipo kuno chimapeza mbewu zili zanthete. Amene muli ku Johannesburg kapena ku Free State, malangizowa akukhudzani inunso, mungosintha miyezi: kwanuko chisanu chochedwa ndi cha mu Sepitembala, nthawi zina mpaka Okutobala.

Yambani n'kuphunzira kuyang'ana kumwamba

Chisanu cha mtundu uwu chimakonda usiku wopanda mitambo ndiponso wopanda mphepo. Masana dothi limamwa kutentha kwa dzuwa, usiku n'kumakutulutsa. Kukakhala mitambo, kutenthako kumabwezedwa pansi. Koma kumwamba kukayera mbee, nyenyezi zonse zili poyera, kutentha kumathawa ndipo nthaka ndi masamba zimazizira kuposa mpweya umene uli pamwamba pake. Mphepo ikamawomba imasakaniza mpweya wozizira wapansi ndi wofundirako wam'mwamba, n'chifukwa chake usiku wamphepo suopsa ngati usiku wabata. Kuzizira kumafika pachimake m'bandakucha, dzuwa litatsala pang'ono kutuluka, nthawi imene ambiri timakhala tili m'tulo tofa nato.

Pali chinthu chimodzi chimene chimapusitsa anthu ambiri. Foni ikanena kuti usiku kudzazizira kufika 3°C, munthu amati palibe vuto chifukwa sikunafike pa ziro. Koma a zanyengo amayeza mpweya pamtunda wa mamita 1.25 kuchokera pansi, pamene mbande zanu zili panthaka penipeni, ndipo pansipo pamatha kuzizira madigiri angapo kuposa pamene anayezapo. Choncho lamulo langa ndi ili: kuyambira Epulo mpaka kutha kwa Meyi, foni ikanena 4°C kapena kucheperapo, kumwamba kuli koyera, mphepo kulibe, fundikani mbewu osafunsa wina.

Gulani kachida koyezera kutentha kamene kamasunga nambala yotsikitsitsa ya usiku. N'kotchipa ndipo kamapezeka m'masitolo a zam'dimba. Kaikeni molingana ndi msinkhu wa mbewu zanu, osati pakhoma la nyumba, chifukwa khoma limafunda. M'mawa uliwonse muziyerekeza nambala yake ndi imene foni inanena dzulo. Pakatha masabata awiri kapena atatu mudzadziwa ngati dimba lanu limazizira kuposa zimene amalengeza, ndiponso ndi madigiri angati. Nambala imeneyo ndi yanu nokha, mnansi wa msewu wina ali ndi yake.

Pezani pamene chisanu chimagona m'dimba mwanu

Mpweya wozizira ndi wolemera, ndipo umayenda ngati madzi: umatsetsereka kuchokera kumtunda n'kukadikha pamalo otsika. Ukakumana ndi mpanda wamatabwa, khoma kapena mpanda wamitengo wothithikana, umaima pomwepo n'kumakwera pang'onopang'ono. Dimba laling'ono la kuseri kwa nyumba limatha kukhala ndi ngodya imodzi imene imachita chisanu pamene kwina konse kuli bwino.

Kupeza malo amenewa n'kosavuta. M'mawa wina wachisanu mu Febuluwale kapena Malichi, tulukani dzuwa litangotuluka, muone pamene udzu wayera kwambiri ndi pamene kuyerako kukuchedwa kusungunuka. Jambulani ndi foni kuti musaiwale. Pamenepo mubzalepo kabichi, anyezi kapena adyo, osati maungu, osatinso mtengo wa mapulamu. Ngati dimba lanu ndi lotsetsereka ndipo kumunsi kwake kuli mpanda, tsegulani kampata m'munsi mwa mpandawo kuti mpweya wozizira uzidutsa.

Pakati pa mzinda pamafunda kuposa kunja kwa mzinda, ndipo m'mbali mwa nyanja mumafunda kuposa kumtunda. Munthu amene ali pakati pa London ndi wina amene ali m'chigwa cha kunja kwa Leeds sangatsate tsiku limodzi lowokera. Ngati mwangopeza kumene malo pa allotment (timinda tobwereka tolimapo ndiwo), funsani achikulire amene alimapo zaka zambiri kuti chisanu chomaliza chimagwa liti pamenepo. Yankho lawo ndimalidalira kuposa tsiku lolembedwa kuseri kwa paketi ya mbewu, chifukwa paketiyo inalembedwera dziko lonse.

Musafulumire kutulutsa mbewu zosapirira

Apa ndi pamene ife okonda ndiwo zakwathu timaluzira kwambiri, chifukwa zambiri zimene timazilakalaka ndi zakotentha. Maungu a nkhwani, nyemba za khwanya, bonongwe, chimanga, tomato, tsabola, mabilingano ndi therere sizipirira chisanu ngakhale chochepa. Tomato ndi tsabola amayamba kupinimbira usiku ukamatsika pansi pa 10°C, chisanu chisanafike n'komwe. Mpiru, repu, kale, kabichi, anyezi, adyo ndi nsawawa ndi zolimba, chisanu chopepuka sichizichita kanthu kwenikweni. Choncho mu Epulo dzazani mabedi ndi zolimbazi, zakotenthazo zidikire pawindo m'nyumba kapena mu greenhouse (kanyumba kagalasi kolereramo mbewu).

Zidikire mpaka liti? Kummwera kwa England anthu ambiri amawokera kuyambira pakati pa Meyi mpaka kumapeto kwake. Kumpoto kwa England ndi ku Scotland, makamaka kutali ndi nyanja, ndi bwino kufika mu Juni. Alimi akale a ku Ulaya ankaopa masiku a 11, 12 ndi 13 Meyi, masiku okumbukira oyera mtima Mamertus, Pancras ndi Servatius, ndipo sankatulutsa mbewu zanthete masikuwo asanadutse. Sikuti chisanu chimasunga kalendala ya tchalitchi, koma mwambowo unachokera pa zimene anthu anaona mibadwo yambiri, kuti pakati pa Meyi kumatha kuzizira mwadzidzidzi.

Masitolo amayamba kugulitsa mbande za tomato mu Epulo, zili panja pakhomo la sitolo. Kuziona panja sikutanthauza kuti nthawi yakwana. Mukagula, zisungeni m'nyumba.

Chinanso, fesani mochedwerako. Maungu amakula msanga: mukafesa m'miphika kumayambiriro kwa Malichi, pofika Epulo amakhala atatalika, akuyanga pawindo, ndipo mumakakamizika kuwatulutsa nthawi isanakwane. Kufesa kumapeto kwa Epulo kumapereka mbande za msinkhu woyenera pa nthawi yowokera.

Musanawokere, zolowezani mbande kunja kwa masabata awiri kapena atatu. Masiku oyamba muzizitulutsa masana okha, pamalo obisika ku mphepo ndi dzuwa lamphamvu, madzulo n'kuzilowetsa. Sabata yachiwiri zitha kugona panja zofundikidwa ngati usiku suli wozizira kwambiri. Kenaka zigone zosafundikidwa. Kuzoloweza kumalimbitsa masamba ku mphepo ndi kuzizira wamba, koma musaganize kuti kumasandutsa tomato kukhala kabichi. Chisanu chenicheni chimamupha ndithu ngakhale atazolowera.

Zochita tsiku limene mwamva kuti usiku kugwa chisanu

Ntchito iyambe masana, osati mdima utagwa.

Ngati dothi ndi louma, thirirani m'mawa kapena masana. Dothi lachinyezi limasunga kutentha kwa dzuwa kuposa louma ndipo limakutulutsa pang'onopang'ono usiku wonse. Thirirani pansi, masamba asanyowe, ndipo musadikire madzulo.

Tsiku limenelo khasu lipume, kupatula pokwezera kachewere. Dothi lotipulidwa kumene limakhala ndi mpweya wambiri m'kati, ndipo silimwa kutentha bwino ngati dothi lokhazikika. N'chimodzimodzi ndi zophimbira: udzu wouma, makungwa kapena manyowa okhuthala pamwamba pa bedi zimatchinga dzuwa masana, usiku n'kutsekera kutentha pansi osafika ku masamba. Zophimbira n'zabwino mu Juni ndi Julayi posunga chinyezi, koma m'masabata achisanu ano zikankhireni pambali. Ambiri izi zimawadabwitsa, chifukwa amaganiza kuti chilichonse chofunditsa dothi chimafunditsanso mbewu. Chimafunditsa mizu, koma chimene chisanu cha mu Meyi chimapha ndi masamba ndi maluwa.

Fundikani dzuwa lisanalowe, dothi likadali lofunda. Cholinga cha chofunda si kutenthetsa mbewu, koma kutsekera kutentha kochokera m'dothi kuti kusathawe. N'chifukwa chake chofundacho chiyenera kufika pansi mbali zonse, m'mphepete mwake mutatsindira ndi njerwa, miyala kapena matabwa. Nsalu yongoyala pamwamba, m'mbali muli pululu, imathandiza pang'ono chabe.

Chofunda chabwino ndi nsalu yoyera yopepuka ija ya fleece yogulitsidwa m'masitolo a zam'dimba. Ilipo yopyapyala yolemera magalamu 17 pa sikweya mita ndi yokhuthala ya magalamu 30. Imawonjezera madigiri awiri kapena kuyandikira pamenepo, ndipo usiku woopsa muipinde kawiri. Mukasowa fleece, mashiti akale, makatani, zitenje zakutha, manyuzipepala ndi makatoni zimagwira ntchito. Bulangete lolemera likhale pa timitengo kuti lisathyole mbande. Pulasitiki samalani naye: akakhudza tsamba, kuzizira kumadutsa ndipo tsambalo limawauka pomwe anakhudzapo. Ngati mulibe china, mumuike pamwamba pa nsalu kapena pa timitengo topinda, asagunde mbewu. Mbande imodziimodzi mutha kuivundikira ndi ndowa, mphika wopanda kanthu kapena botolo lalikulu lodula kunsi.

Kachewere amene wangotuluka kumene, mukwezereni dothi mpaka masamba onse abisike. Samva kanthu, amatulukanso pakapita masiku ochepa. Akakula moti dothi silingamukwirire, ndiye fleece. Masitiroberi amene achita maluwa afundikeninso, chifukwa ali pansi penipeni pamene pamazizira koposa.

Zam'miphika zilowe m'galaja, mu shedi kapena m'khitchini. Greenhouse itsekeni dzuwa likadalipo kuti isunge kutentha, ndipo musaidalire kwambiri: galasi limodzi lopanda chotenthetsera limatha kulola chisanu kulowa usiku woopsa, choncho fundikani mbande ndi fleece ngakhale zili m'katimo. Zigubu zodzaza madzi zikakhala m'katimo masana onse zimatulutsa kutentha pang'ono usiku. Mukagwiritsa ntchito chotenthetsera cha parafini, siyani kampata kolowera mpweya ndipo chikhale kutali ndi nsalu.

M'mawa musafulumire kuvundukula. Dikirani mpaka kuyera kwa paudzu kutasungunuka.

Mitengo ya zipatso

Mtengo weniweniwo suferatu ndi chisanu cha mu Epulo. Chimene chimafa ndi zipatso za chaka chimenecho, ndipo kuopsa kwake kumadalira pamene maluwa afika. Mphukira ya apozi ikangoonetsa kansonga kobiriwira imapirira mpaka cha m'ma -7°C. Ikamakula mphamvuyo imachepa tsiku ndi tsiku. Maluwa akatseguka, theka la ola pa -2°C limapha pafupifupi duwa limodzi mwa 10 aliwonse, ndipo pa -4°C amafa pafupifupi 9 mwa 10. Mapichesi, matcheri, mapulamu ndi mapeyala achizungu manambala awo sasiyana kwambiri ndi amenewa. Onani kuchepa kwa mpatawo: madigiri awiri okha ndiwo amalekanitsa chaka chazipatso ndi chaka chopanda kanthu, ndipo madigiri awiri omwewo ndi amene fleece imatha kukupatsani. Tizipatso tongomangika kumene, maluwa atayoyoka, timakhalanso tosalimba chimodzimodzi, choncho musaleke kusamala chifukwa choti maluwa atha.

Imene imayamba kuchita maluwa ndiyo imavutika kawirikawiri. Maapurikoti ndi mapichesi amatsogola, nthawi zina Malichi asanafike pakati, kenaka mapulamu, mapeyala ndi matcheri, maapozi n'kumalizira kumapeto kwa Epulo ndi mu Meyi.

Mtengo waung'ono, kapena woyanzidwa pakhoma, ufundikeni ndi fleece yopinda kawiri kuchokera pamwamba mpaka pansi. Zikani nsungwi kuti nsalu isakhuze maluwa. Musamange nsaluyo pathunthu ngati mukumanga thumba, chifukwa mukatero mwatsekera kunja kutentha kochokera m'dothi. Isiyeni itambalale mpaka panthaka. Ndipo masana aliwonse muzivundukula. Maluwa ofundikidwa usana ndi usiku amapulumuka chisanu koma njuchi siziwafika, mungu suyenda, zipatso osamangika. Mapichesi ndi maapurikoti amachita maluwa njuchi zisanachuluke, choncho masana kukafunda yendani ndi kaburashi kofewa, muzikhudza duwa ndi duwa.

Mtengo waukulu simungaufundike wonse. Sankhani nthambi zam'munsi ziwiri kapena zitatu zamaluwa ambiri, mukute zimenezo. Zam'munsi ndizo zili m'mpweya wozizira kwambiri, zam'mwamba nthawi zambiri zimapulumuka zokha. Tchetchani udzu wapansi pa mtengo ukhale waufupi, chifukwa udzu wautali umatchinga kutentha kwa dothi monga zimachitira zophimbira.

Njira ziwiri zimene mungamve ndikukulangizani kuti muzisiye. Yoyamba ndi utsi. Kusonkha moto wautsi m'bandakucha ndi njira yakale, ndipo kwathu ena amachita, koma utsi susunga kutentha ngati mmene mitambo imachitira. Chimene chimathandiza ndi kutentha kwa motowo, ndipo pamafunika moto wambiri woyandikana usiku wonse. Pa allotment zambiri moto uli ndi malamulo ake, ndipo kuseri kwa nyumba mungoyambana ndi anansi. Yachiwiri ndi kuwaza madzi pa maluwa. Alimi akuluakulu amachitadi zimenezi, chifukwa madzi akamaundana amatulutsa kutentha pang'ono, koma makina awo amawaza mosalekeza mpaka dzuwa litasungunula madzi oundanawo. Kuwaza ndi paipi kwa mphindi zochepa n'kukagona kumasiya maluwa onyowa, ndipo amazizira koposa akanakhala ouma.

Chisanu chikakupezani musanakonzeke

Apa ndikupempha chinthu chimodzi: m'mawa umenewo musadule kanthu, musazule kanthu. Dimba lowauka limamvetsa chisoni, ndipo mtima umafuna kuchotsa zakudazo msanga kuti maso asazione. Koma tsiku loyamba simungadziwe chakufa ndi chamoyo.

Ngati mwadzuka dzuwa lisanafike pa mbewu, zitchingeni ndi nsalu kapena katoni kuti zisungunuke pang'onopang'ono. Musazikhudze zikadali zouma gwa ndi chisanu, musaziponde, ndipo musazithire madzi ofunda. Dikirani masiku atatu mpaka asanu, kenaka yenderani mbewu imodziimodzi.

Kachewere wodetsedwa masamba amaphukanso kuchokera pansi. Mudzakolola mochedwerako, mwina mocheperako, koma musamuzule. Chimanga chaching'ono chimadabwitsa: mpaka chitafika masamba pafupifupi 6, mtima wake umene umatulutsa masamba atsopano umakhala pansi pa dothi. Masamba apamwamba atha kuwauka onse, koma pakapita masiku angapo ofunda mudzaona kobiriwira kakutuluka pakati. Ngati mukukayika, zulani phesi limodzi, mulicheke m'litali. M'kati mukakhala moyera ndi molimba, chili moyo. Mukakhala mofewa ndi mwabulauni, bzalani china.

Nyemba ndi maungu zilibe mwayi umenewo, chifukwa nsonga yake yokulira ili pamwamba. Tsinde likafewa n'kuda mpaka pansi, zapita. Musataye nthawi kuzinyengerera, fesani zina tsiku lomwelo. Maungu ofesedwa kumapeto kwa Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni amakula mofulumira m'dothi lofunda ndipo nkhwani mudzadya ndithu, pamene nyemba mutha kufesa mpaka kumayambiriro kwa Julayi. N'chifukwa chake ndi nzeru kusunga theka la paketi ya mbewu, ndiponso mbande zingapo zapadera pawindo. Tomato amene wapsa nsonga yokha, tsinde lili lobiriwira ndi lolimba, amatulutsa mphukira m'mbali, ndipo imodzi mwa izo mutha kuilera kukhala tsinde latsopano. Amene wafewa mpaka pansi, gulani mbande ina, chifukwa kufesanso kuchokera ku njere mu Meyi kumachedwetsa kwambiri.

Duwa la sitiroberi lamoyo limakhala lachikasu pakati. Likada pakatipo silibereka, lithotholeni. Mbewuyo imatulutsa maluwa ena pambuyo.

Pa mitengo, musaweruze poona kunja kwa duwa. Duwa limatha kuoneka loyera bwino m'kati mwake mutafa. Tsiku lotsatira thotholani maluwa 20 kapena 30, ena am'munsi, ena am'mwamba, ena a mbali iliyonse ya mtengo, muwacheke pakati ndi lezala. Yang'anani kachinthu kapakati kamene kamatsikira m'kathumba kodzasanduka chipatso. Kakakhala kobiriwira, duwalo lili moyo. Kakakhala kabulauni kapena kakuda, lafa. Tizipatso tating'ono tichekeni mopingasa, muone ngati njere zake zili zoyera kapena zada.

Mukawerenga akufa, musataye mtima msanga. Mtengo wa maapozi umachita maluwa ochuluka kuposa zipatso zimene ungalere, ndipo duwa limodzi mwa 10 likamangika, mtengo umadzaza bwinobwino. Komanso maluwa a apozi amakhala m'timagulu ta 5 kapena 6 ndipo satseguka tsiku limodzi. Lapakati limatsogola, ndipo chisanu chikalipha, am'mbali aja amene anali asanatseguke amatenga malo. Matcheri ndi amene amamva kutayako kwambiri, chifukwa zipatso zake ndi zazing'ono ndipo pamafunika zambiri kuti dengu lidzaze. Peyala wa mtundu wa Conference nthawi zina amabereka ngakhale popanda njere, zipatso zake n'kukhala zazitali zowonda, koma zodyeka. Mukadzaona maapozi kapena mapeyala okhala ndi mkombero wokhakhala wabulauni pakhungu, chimenecho ndi chipsera cha chisanu chabe, idyani. Mpesa wowauka mphukira umatulutsa zina zachiwiri, ngakhale kuti zimenezo zimabereka zochepa.

Nsonga zowauka za mitengo ndi maluwa okongoletsa zisiyeni mpaka chisanu chitatheratu. Masamba akufawo amatchinga mphukira zamoyo zimene zili m'munsi mwake, ndipo kudulira kumadzutsa mphukira zatsopano zanthete zimene chisanu chotsatira chidzaphanso. Mu Juni, mukaona pamene mtengo waphukira, dulani zakufazo pamwamba pang'ono pa mphukira yamoyo. Nthambi imene mukuikayikira ikandeni pang'ono ndi chikhadabo: pansi pa khungwa pakakhala pobiriwira, ili moyo. Mkuyu umachedwa kudzuka, upatseni nthawi yokwanira musanauweruze. Mapulamu, matcheri ndi mapichesi aduliridwe m'miyezi yotentha, tsiku louma, chifukwa mabala a nyengo yozizira ndi yonyowa amalowetsa matenda a silver leaf ndi zilonda za pakhungwa.

Musathamangire feteleza pofuna kupepesa mbewu. Dikirani ziyambe kuphukira zokha, kenaka muzipatse pang'ono, ndipo kukauma muzithirira. Mtengo umene wataya zipatso zonse usapatsidwe feteleza wokulitsa masamba, chifukwa mphamvu yonse imene ikanapita ku zipatso imapita kale ku nthambi. Chaka chotsatira mtengo wotero umakonda kubereka mopitirira muyeso. Mukaulekerera umatopa n'kuyamba chizolowezi chobereka chaka china, china ayi. Choncho chaka chimenecho patulirani zipatso kumapeto kwa Juni kapena mu Julayi, mtengo utamaliza kuyoyola zina pawokha, musiye chimodzi kapena ziwiri pa kagulu kalikonse.

Mukamabzala mtengo watsopano

Ngati dimba lanu ndi lachisanu, sankhani mitundu yochedwa kuchita maluwa. Pa maapozi, Court Pendu Plat, Edward VII ndi Crawley Beauty ndi ena mwa ochedwetsetsa, ndipo kawirikawiri maluwa awo amatseguka chisanu chitadutsa. Poti amachedwa, funsani ku nazale kuti ndi mtengo uti wina wochita maluwa nthawi yomweyo umene ungawapatse mungu. Maapurikoti ndi mapichesi pamalo otsika ndi kudzivutitsa chabe, pokhapokha mutawayanza pakhoma loyang'ana kummwera (ku South Africa, kumpoto) kapena kumadzulo, limene limafunda masana ndipo n'losavuta kupachikapo nsalu. Khoma loyang'ana kum'mawa lipeweni pa mitengo yofulumira maluwa, chifukwa dzuwa lam'mawa limafika pa maluwa akadali oundana.

Mitengo yaifupi yolumikizidwa pa mizu ya mtundu wotchedwa M27 kapena M9 ili ndi ubwino ndi vuto lake. Ndi yosavuta kufundika munthu ali yekha, koma maluwa ake onse ali pafupi ndi nthaka, m'mpweya wozizira kwambiri. Ngati mumakhala pafupi ndi dimba ndipo mutha kutuluka madzulo aliwonse ndi fleece, tengani waufupi. Ngati allotment ili kutali, kapena mumagwira ntchito ya usiku moti simungakafundike madzulo n'kukavundukula m'mawa, tengani wotalikirapo wa pa mizu ya MM106, wa mtundu wochedwa maluwa, muubzale kumtunda kwa malo anu.